Kodi wolemba nkhani zachikondi amagwira bwanji ntchito yake?

Mphunzitsi wina wapulaimale wa ku Chinamwali wanditumizira imelo. Akuti ali ndi makope odzaza nkhani zachikondi zimene anaziyamba koma palibe imene anaimaliza. Funso lake n'lakuti: kodi olemba mabuku achikondi amadikira kuti mtima uwauze kaye kuti lembani, kapena ali ndi dongosolo? Nanga munthu angadye nayo ntchitoyi kuno kwathu?

Achemwali, ntchitoyi ndi ya pampando, ndipo amene amamaliza mabuku ndi amene amakhalapo tsiku lililonse ngakhale mtima uli gwa. Nora Roberts wa ku America walemba mabuku oposa 200, ndipo amadziwika kuti amalemba maola ambiri tsiku ndi tsiku ngati munthu wolembedwa ntchito mu ofesi. Barbara Cartland wa ku England, amene anamwalira mu 2000, anatulutsa mabuku oposa 700. Iyeyo ankangolankhula, mlembi wake n'kumalemba. Timabuku tija tachikondi ta Mills & Boon, kampani imene inayamba mu 1908 ku London, timakhala ndi mawu pafupifupi 50,000 kalikonse. Mukamalemba mawu 500 patsiku, ndiye kuti pakutha pa masiku 100 muli ndi buku lathunthu, ngakhale likhale losapalidwa bwino. Mawu 500 ndi masamba awiri kapena atatu a kope basi.

Ine ndimalemba m'mamawa, kusanayere, makamaka chifukwa nthawi imeneyo palibe wogogoda pachitseko. Miyezi ya June ndi July kuno ku Zomba, chiperoni chikatsika m'phirimu, zala zimachita kuuma, koma ndimafunda bulangete n'kupitiriza. Inu poti muli ndi ana oti muwaphunzitse m'mawa ndi makope oti muchonge madzulo, pezani ola limodzi lokha limene lingakhale lanu, ndipo a pakhomo adziwe kuti ola limenelo simutumidwa.

Koma ndikuganiza kuti nkhani zanuzo sizikuthera panjira chifukwa cha nthawi yokha. Nkhani yachikondi imafa pamene wolemba sakudziwa chimene chikuletsa awiriwo kukhala limodzi. Kukumana n'kosavuta kulemba. Mnyamata waona mtsikana pa depoti, maso aphana, tsamba ladzaza. Nanga kenako? Ngati chowalekanitsa ndi kusamvana kumene angakuthetse ndi foni imodzi, nkhaniyo sifika mutu wachitatu. Wowerenga buku lachikondi amadziwa kale kuti awiriwo adzapezana pamapeto. Limenelo ndi lonjezo la mtundu umenewu wa nkhani, ndipo musamaliphwanye. Chimene wowerenga amaperekera ndalama ndi kufuna kuona kuti adutsa bwanji.

Apa m'pamene ife a kuno tili ndi chuma, ndipo zimandiwawa ndikaona achinyamata akulemba za mabwana a mahotela a ku Paris kumene sanapondeko. Taganizirani mnyamata wa ku Mzimba amene wamaliza maphunziro ku Chanco ndipo wakonda mtsikana wa ku Jali. Kwawo amalowola, mkazi n'kupita kwa mwamuna. Kwa mtsikanayo n'kwachikamwini, ana ndi a kuchikazi, ndipo mawu omaliza ndi a malume, eni mbumba. Onse awiri ndi anthu abwino, makolo awonso si oipa, koma wina ayenera kutaya kanthu. Kapena mtsikana wa kwaya wakonda mnyamata wa kumzikiti ku Songani. Kapena mwamuna ali ku Joni, amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi koma mawu ake ayamba kuzizira, ndiye pali wina amene amathandiza mayiyo kunyamula thumba la chimanga pochokera kuchigayo ndipo sanenapo kanthu. Zimenezi sizithera pa tsamba limodzi.

Chizolowezi chachiwiri ndi kumvetsera. Wolemba amayenda ndi kakope kakang'ono. Pachinkhoswe musamangovina. Onani mtsikana atafunditsidwa chitenje pamodzi ndi anzake kuti a kuchimuna amuloze, manja ake akunjenjemera pansi pa nsaluyo. Onani ankhoswe akusinthana tambala ndi msoti, nkhope zili ndwii ngakhale anthu akululutira, chifukwa iwo akudziwa kuti banjali likadzagwedezeka adzadzutsidwa usiku ndi iwowo. Mumsika waukulu wa Zomba mverani mmene wogulitsa matemba a ku Kachulu amalankhulira ndi mayi amene amamukonda mobisa. Sanena kuti ndimakukondani. Amangoonjezera basera yoposa ya ena onse, n'kufunsa kuti, "Dzulo simunabwere, kunali bwino?" Anthu athu ambiri amafunsirana mozungulira choncho, ndipo zokambirana za m'buku lanu zizimveka ngati zotuluka pakamwa pa anthu amenewa.

Musanayambe, lembani tsamba limodzi la munthu aliyense: kwawo, amadya chiyani, amaopa chiyani, ali ndi ngongole kwa ndani. Polemba koyamba musamabwerere m'mbuyo kukakonza, pitirizani mpaka mapeto. Mukamaliza libiseni bukulo milungu ingapo, kenako muliwerenge mokweza. Pamene lilime lapunthwa, pamenepo pali vuto. Kukonzaku kumatenga nthawi yofanana ndi kulemba, mwinanso kuposa. Ngati mukulemba pa foni kapena pa kompyuta, dzitumizireni pa imelo zimene mwalemba tsiku lililonse, poti foni imabedwa ndipo magetsi amazima osatsanzika.

Za ndalama ndinene mosabisa: ntchito yauphunzitsiyo musaisiye. Osindikiza mabuku kuno amathamangira mabuku a sukulu chifukwa ndi amene amagulidwa ambiri. Olemba nkhani zongosangalatsa akhala akudzithandiza okha kuyambira kale. Aubrey Kalitera ankadzisindikizira yekha nkhani zake ku Blantyre, pamodzi ndi magazini yake ya Sweet Mag, ndipo inali nthawi imene bungwe loona zofalitsa, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, linkatha kuletsa buku. Lero njira ndi zina. Ambiri amaika mitu yoyambirira pa Facebook, ofuna kupitiriza amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba n'kulowetsedwa m'gulu la pa WhatsApp. Ubwino wake ndi wakuti owerenga amakukakamizani kulemba, chifukwa mukachedwa ndi mutu wotsatira foni siikhala chete. Kuipa kwake ndi kwakuti mmodzi akalipira amatha kugawira anzake makumi. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwana ndi a COSOMA, amene amateteza umwini wa ntchito za luso, komanso kulowa m'bungwe la olemba la MAWU kuti mupeze anzanu okuwerengerani moona mtima. Buku likasindikizidwa, lamulo limafuna kuti kope yake ikasungidwe ku National Archives, ndipo inu muli ndi mwayi poti ofesiyo ili mu Zomba momwemuno.

Pali chinanso chimene simunafunse koma chidzakupezani. Mkazi akalemba za chikondi, anthu amati zonse zimene walembazo anazichita. Kumpingo adzakuyang'anani cham'mbali, makolo a ana kusukulu adzanong'onezana. Olemba ambiri a nkhani zotere padziko lonse amagwiritsa ntchito dzina lina, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Ngati mungasankhe kutero, sankhani dzina limodzi musanatulutse mutu woyamba ndipo musalisinthenso, chifukwa owerenga akakonda buku loyamba amasaka lachiwiri ndi dzina lomwelo.