Sofa yang'ambika, koma zikhadabo za mphaka zisiyeni

Mayi wina wa ku Area 47 wanditumizira imelo. Mphaka wawo wang'amba sofa yatsopano, ndipo mlamu wawo wa ku America wawauza kuti kumeneko madokotala ena amachotseratu zikhadabo kuti mphaka asamakande zinthu. Akufunsa ngati kutero n'kulakwa.

Mayi, musayerekeze n'komwe.

Ambiri amaganiza kuti ndi kuwenga chabe, koma ayi. Chikhadabo cha mphaka chimamera kuchokera pafupa lakumapeto kwa chala, ndiye kuti chisamerenso dokotala amadula fupa lonselo. Tayang'anani dzanja lanu pamfundo yoyandikana ndi chikhadabo: mpeni umadutsa pamenepo, pa zala zonse 10 za miyendo yakutsogolo. Tsono mphaka amayenda choponda ndi zala. Akatsitsimuka ku mankhwala ogonetsa, amaponda pabala pomwepo. Ena amatsimphina kwa nthawi yaitali. Ena amayamba kuluma chifukwa chodzitetezera china alibe. Enanso amaleka kukumba mchenga pofuna kudzithandiza poti zala zikuwawa, n'kuyamba kuipitsa pakona ya chipinda. Mwapulumutsa sofa, mwadzigulira vuto lina.

Ngakhale ku America komweko zinthu zikusintha. New York inaletsa opaleshoniyi mu 2019, Maryland inatsatira mu 2022. Ku Britain ndi m'mayiko ambiri a ku Ulaya ndi mlandu, pokhapokha ngati chala chili ndi matenda.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi moyo wa mphaka kuno kwathu. Ndi angati amakhala m'nyumba tsiku lonse? Ambiri amatuluka, amalumpha mpanda, amakumana ndi agalu a aneba. Galu akamuthamangitsa, chomupulumutsa ndi kukwera mumtengo wa mango kapena pamwamba pa mpanda. Wopanda zikhadabo athawira kuti? Nanga makoswe amene munamutengera mphakayo awagwira ndi chiyani?

Kukanda si mwano. Potero mphaka amasenda khungwa lakale la chikhadabo, amadziwongola thupi, komanso amasiya fungo lake. Sangaleke, choncho mupatseni pake pokanda. Pezani thabwa lotalika loti atha kudziwongolerapo ataimirira, mulikulunge ndi chingwe cha khonje molimba, muliimike pafupi ndi mbali ya sofa imene amaikonda. Lisagwedezeke, chifukwa likangomugwera kamodzi salibwereranso. Mbali yong'ambikayo muiphimbe ndi chitenje chakale mpaka atazolowera. Kumumenya sikuthandiza, amangoyamba kukuopani.

Kenako muziwenga nsonga pakatha milungu iwiri kapena itatu. Mukafinya chala pang'ono chikhadabo chimatuluka. Dulani kansonga koyera kokha. Mbali yofiirira ili chakumtunda ili ndi magazi ndi mitsempha, musaikhudze. Ngati dzanja likunjenjemera, pitani naye ku LSPCA, bungwe losamalira zinyama la ku Lilongwe, kapena kwa dokotala wa ziweto amene muli naye pafupi akusonyezeni kamodzi, ndipo mufunsenso ngati katemera wake wa chiwewe sanathe nthawi.