Kwa phungu ndinapita ndekha, ndinagona masabata atatu

Asisi, zoti muyambe mwafufuza chipani chachifundo ndiye muchilembere za ME, matenda ofooketsa thupi lonse aja akudwala mng'ono wanuyo, zisiyeni, chonde zisiyeni, ine ndi mmene ndinaganiziranso ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umachita kuwira. Ndawerenga positi yanu ndili chigonere, ndinati ndingodutsa koma zakanika.

Ine matendawa anandiyamba 2015 nditadwala ka chimfine koipa kaja kotupitsa pakhosi, nthawi imeneyo ndimagwira ma shifiti ausiku ku nyumba yosamalira okalamba kuno ku Manchester, munthu wonyamula agogo olemera makilo 90 ndekha, kenako ndinafika poti kutsuka mano ndimapumira pakati. Dokotala wina anandiyika pa pulogalamu ija yoyenda, sabata ino mphindi 5, ya mawa 7, inayo 10, akuti thupi laiwala ntchito likufunika kukumbutsidwa. Ndinamvera, ife tinaleredwa kuti adokotala satsutsidwa. Pakutha miyezi itatu masitepe a m'nyumba mwanga momwe ndimakwera chokwawa. Munthu ameneyo sindinamukhululukire ndipo musandiuze za kukhululuka lero.

Ndiye January 2019 anzathu a mu gulu la odwala anati aliyense akauze phungu wake kuti pa 24 kuli mkangano wa ME mu nyumba ya malamulo, akakhalepo. Anautsogolera ndi Carol Monaghan wa SNP, chipani cha ku Scotland, phungu wa ku Glasgow, mayi yemwe chaka cha 2018 ananena poyera kuti kafukufuku wa PACE uja, wa 2011, amene madokotala ankatsamira potiyendetsa ngati ng'ombe za pangolo, adzakumbukiridwa ngati chimodzi mwa zochititsa manyazi zazikulu za chipatala m'zaka zino. Ine ndinati aaa phungu wanga ndi wa chipani changa, ndachivotera chibwerereni, ndinagawako timapepala tawo m'makomo mvula ikugwa ndisanadwale, ameneyu ndi wathu, sindilemba imelo ndipita maso ndi maso andione. Kupusa kwake.

Linali Lachisanu, sabata yomwe ija Theresa May, nduna yaikulu nthawi imeneyo, analuza voti ya Brexit. Ndinasunga mphamvu masiku anayi, osaphika, osasamba, kuti ndikwanitse tsiku limodzi limenelo. Mmawa ndinasamba nditakhala pa kampando, mwana wanga wamkazi, anali ndi zaka 12, anandimanga duku nkundipaka ka lipisitiki kuti amayi muoneke bwino, ndipo apa ndi pamene tinalakwitsa koma timadziwa bwanji. Takisi mapaundi 9 kupita. Kufika ku holo kumene phungu amaonana ndi anthu a m'dera lake, anthu ali pamzere, mipando ya pulasitiki yopanda potsamira mutu, magetsi oyera aja olira ziii, wina akukoka matebulo pansi, mwana akulira, ine phokoso ndi kuwala zimandilowa ngati misomali. Ndinadikira pafupifupi ola. Miyendo inayamba kuzizira, mtima ukuthamanga ngati ndakwera phiri la Mulanje chonsecho ndangokhala, mawu onse ndinaloweza aja anayamba kuthawa mmodzimmodzi. Nditalowa ndinapeza kuti phungu mwiniwake watuluka kukayankha foni, amene anandilandira ndi kamnyamata kothandizira, tayi yopyapyala, sikanafike ndi zaka 25 komwe. Ndinayamba kufotokoza lilime likulemera, ndinatchula dzina la matenda anga molakwika kawiri, kenako kakundiyang'ana kuyambira duku mpaka nsapato nkunena kuti koma mukuoneka bwino lero, mwafika nokha eti? Ndiye kanapitiriza kuti nkhani imeneyi ndi kampeni ya a SNP, ife tili ndi zathu za zaumoyo zomwe tikukankha, komanso sabata ino mukudziwa aliyense mutu uli pa Brexit. Kampeni ya a SNP! Ngati kuti ine ndinadwala kuti ndisangalatse anthu a ku Scotland. Phungu anabwera kumapeto, anandigwira dzanja, anati pepani kwambiri, wina anajambula chithunzi, mphindi zake sizinakwane zitatu, ine ka pepala kanga ndinalemba masiku awiri kali m'manja osaperekedwa, ndinakapeza m'thumba la jekete mwezi wa March.

Inu amene simukuwadziwa matendawa, bilu yake sibwera tsiku lomwelo. Loweruka ndinali bwinoko mpaka ndinadzinamiza kuti ndapulumuka. Lamulungu mmawa ndinadzuka thupi ngati andithira simenti. Mutu sumadzuka pa pilo, nsagwada zimakana kutafuna, mwana anandiphikira nsima yofewa ndinalephera kumeza, anasintha nkupanga phala lamadzimadzi kumandimwetsa ndi kapu ya mwana. Makatani otseka usana ndi usiku, ngakhale kulira kwa firiji kukhitchini kumandipweteka. Kuchimbudzi ndi masitepe 6 kuchokera pabedi langa, ndinawawerenga, ndinalephera, tinayika ndowa. Mwana wa zaka 12 kutaya ndowa ya mayi ake asanapite kusukulu, nkubwera kudzandinong'oneza kuti amayi musalire mukutha mphamvu. Tsiku lina ndinamumva akulira kubafa atatsegula mpopi kuti ndisamve. Chimenecho ndiye chimandiwawa kuposa zonse, osati ululu.

Pa 24 paja, Lachinayi, anandiyikira foni pambali pa khutu mawu otsitsa, maso otseka, ndimvere mkanganowo. Ndipo ndinamva aphungu a zipani zosiyanasiyana akuyimirira mmodzimmodzi kuwerenga nkhani za anthu a m'madera mwawo, a Conservative, a Labour, a SNP, ena a zipani zing'onozing'ono, onse pakamwa pamodzi kuti zoyendetsa odwala mokakamiza ziyime ndipo ndalama zipite ku kafukufuku weniweni. Wanga uja zii, sanayankhule, ndipo mwana atayang'ana pa vidiyo anati sakumuona. Ndinagona masabata atatu chifukwa cha munthu woti sanapite nkomwe. Amayi ena a kutchalitchi atamva anabwera ndi mafuta odzozera akuti ndi mzimu wa ulesi, achibale kumudzi pa WhatsApp akuti alamu akulodzedwa chifukwa chomanga nyumba ya malata, ine ndili pa ndowa. Nkhwangwa imaiwala koma chitsa ayi.

Tsono chimene chinandichititsa manyazi ine mwini ndi ichi. Chipani cha Conservative sindinachivoterepo ndipo sindikuganiza kuti ndidzachivotera, koma nduna yoyamba imene ndinaimva ikuyankhula za ME ngati matenda enieni ndi Sajid Javid, wa unduna wa zaumoyo nthawi imeneyo, pa 12 May 2022, tsiku lokumbukira matendawa, pamene analengeza kuti boma lipanga ndondomeko yapadera. Chifukwa chake? Ananena yekha kuti ali ndi wachibale wachichepere amene akudwala. Basi. Sikuti chipani chake chinasintha mtima, matenda analowa m'nyumba mwake. Chimodzimodzi Countess of Mar wa ku House of Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo, wopanda chipani, amene anakoka nkhaniyi zaka zambirimbiri mpaka kusonkhanitsa mabungwe a odwala pansi pa Forward-ME. Andale amagwidwa ndi munthu amene akumudziwa nkhope, za mtundu wa nsalu ya chipani ndi zathu ife ovota.

Ndipo taonani chimene chikanachitika ikanakhala nkhani ya chipani chimodzi. Javid anatula pansi udindo July 2022, pasanathe ndi miyezi iwiri chilengezereni. Kunabwera Steve Barclay, kenako Thérèse Coffey masabata ochepa, Barclay kachiwiri, Victoria Atkins, zisankho za 2024 boma nkusintha, Carol Monaghan mpando wake nkuluza, kulowa Wes Streeting wa Labour. Ndondomeko yongoyembekezera inatuluka August 2023, yomaliza July 2025, zaka zitatu. Inachedwa mochititsa manyazi ndipo ife odwala tinadandaula kuti mawu ndi ambiri ndalama zatsopano sizikuoneka, koma sinafe, chifukwa mbali zonse kunali anthu oti anayika kale dzina lawo pa nkhaniyi ndipo sakanatha kuithawa. Ntchito ya APPG, gulu la aphungu a zipani zonse loona za ME, ndi imeneyo, malamulo ake amafuna kuti akuluakulu ake achokere ku boma ndi kotsutsa komwe, sililoledwa kukhala la mbali imodzi, ndipo ndi lomwe linatulutsa lipoti la Rethinking ME mwezi womwe uja wa May 2022. Mphamvu zopanga lamulo lilibe, musanamizidwe, koma limasunga moto kuti usazime boma likasintha.

Ngakhale zili choncho ine andale sindiwakhulupirira olo pang'ono, ndinene zoona. Chimene chinasintha moyo wanga si mkangano wa mu nyumba ya malamulo, ndi pepala la October 2021 la NICE, bungwe lopereka malangizo kwa madokotala kuno, lotchedwa NG206, lomwe linachotsa zoyenda mowonjezerawonjezera zija nkunena kuti uphungu wa maganizo si mankhwala ochiza ME. Nalonso linayenera kutuluka August analiyimitsa kutatsala tsiku limodzi, tinalira m'magulu umu. Ndimayenda nalo m'chikwama ngati chiphaso. Mwezi womwewo ndi umene anamwalira Maeve Boothby O'Neill ku Exeter ali ndi zaka 27, thupi litafooka mpaka kulephera kudya, ndipo kufufuza za imfa yake mu 2024 kunaonetsa poyera kuti ku England kulibe malo ogonekera odwala ME kwambiri oti akasamalidwe ndi akatswiri ake. Ndiye mukamamva andale akudziyamikira muzikumbukira zimenezo.

Koma lemberani. Inde ndanena kuti sindiwakhulupirira, lemberanibe, onse. Ambiri mu gulu muno simudziwa kuti ife a Malawi ndi a Zambia, poti ndife a Commonwealth, ngati mapepala okhalira kuno ali bwino timavota, a Zimbabwe nawonso amavota, ndiye lembetsani mng'ono wanuyo ndi inu nomwe, za voti ya pa positi zilipo safunika kudzuka. Mu kalatamo muyambe ndi adiresi ndi postcode chifukwa phungu amangoyankha anthu a m'dera lake, popanda zimenezo kalata imathera kwa timanyamata ta matayi tija. Pa webusaiti ya WriteToThem mukalemba postcode imakupatsani dzina lake. Musalembe masamba asanu ngati ine, theka la tsamba, nkhani ya munthu mmodzi, ankagwira ntchito yanji, pano satha chiyani, ndani akumutayira ndowa. Kenako mupemphe chinthu chimodzi chooneka, alowe mu APPG ya ME, kapena afunse nduna funso lolemba kuti ndondomeko ya July 2025 ija yafika pati m'dera lanu, funso lotero nduna imayenera kuyankha ndipo yankho limakhala poyera. Mukangoti tithandizeni adzakuyankhani kuti pepani kwambiri. Ndipo musatchule chipani, musatukwane boma, musayamikire otsutsa, olo mkwiyo utafika pakhosi. Amene analuza chisankho m'dera lanu nayenso mulembereni, makhansala a zipani zina, mawa ndi iwowo. Muli angapo m'madera osiyana gawanani, wina wa Labour, wina wa Conservative, wina wa Liberal Democrats, kalata iliyonse ndi mawu akeake osati kukopera imodzi, amazindikira.

Akakuuzani kuti ndi za m'mutu, WHO inayika ME m'gulu la matenda a mitsempha ndi ubongo kuyambira 1969, ndipo August 2025 kafukufuku wa DecodeME wa ku yunivesite ya Edinburgh atayeza DNA ya odwala oposa 15,000 anapeza malo 8 amene akusiyana ndi anthu ena. Kale ankati odwala ku UK kuno ndi 250,000, pano akuti angapose 400,000, ambiri ndi amayi, ndipo mmodzi mwa anayi satuluka m'nyumba. Chiwerengero chimodzi chikwana mu kalatamo, musadzaze.

Mng'ono wanuyo asapite kukaonana ndi phungu, ndagwira mwendo wanu. Mupite inuyo ndi chithunzi chake ali pabedi makatani otseka, osati chija cha pa ukwati. Ngakhale kunena zoona kandimverere anakanena za m'maluwa, palibe amene angafotokoze ngati mwini wake, ndiye akapezako mphamvu tsiku lina ajambule mawu a mphindi imodzi pa foni ali chigonere mukamuyikire phunguyo amve yekha, kapena mupemphe kuti amuyimbire mphindi 10 basi, ndipo muwauziretu kuti akachedwa kuyimba mwayi watha. Akati tijambule chithunzi muwauze kuti funso lija likafunsidwa kaye. Kamnyamata kakakulandirani musanyoze ngati mmene ndachitira ine pano, tenganiko dzina ndi imelo, ndi komwe kamasankha makalata ofika patebulo la bwana, ndinadziwa mochedwa.

Ndipo inuyo asisi mudzisamale, musamusiye mwana aliyense wa m'nyumbamo kunyamula zimene ananyamula wanga, funsani ku khansolo za thandizo la ana osamalira odwala, ine ndinachita manyazi kufunsa kuopa kuti andilanda mwana. Pano ali ndi zaka zake ndipo mpaka lero akamva mpopi ukutuluka nthawi yayitali amagogoda kubafa.

Kalata yomwe ndinadzalemba 2022 ndikadali nayo, mukaifuna ndipezeni ku inbox muchotsemo dzina langa. Ndikachedwa kuyankha musadabwe, manja ayamba kale kunjenjemera ndipo zimene ndalemba apazi ndizilipira mkuja.