Ndevu pa perete: miyezi itatu yodandaulira ikukutherani

Bambo, mwalemba kuti ndinu Mmalawi wogwira ntchito yausilikali mu British Army, ndipo lezala imakutulutsani tiziphuphu pakhosi. Sajeni anakuchotsani pa perete wovala yunifolomu ya pamwambo yotchedwa No. 2 Dress, ati ndevu zanu n'zamawangamawanga, n'kukupatsani ntchito zachilango, pomwe anzanu achizungu a ndevu zonga zomwezo sanawakhudze. Munadandaula pakamwa kwa ofisala wanu, anati aziona, ndipo papita miyezi iwiri kuli zii. Amalume akuti khalani chete poti muli kwa eni.

Lamulo la ndevu palokha silikukomerani kwenikweni. Kuyambira mu March 2024 asilikali aamuna amaloledwa kusunga ndevu, koma zikhale zathunthu pamodzi ndi zapamlomo, zotalika pakati pa mamilimita 2.5 ndi 25.5, zometedwa bwino pakhosi ndi pamwamba pa masaya, zosaperewera apa ndi apo. Ngati zanu zilidi za mawanga, sajeni ali ndi pogwira. Chimene chingakutetezeni ndi chikalata cha dokotala wa kukampu chokulolani kusameta. Simunanene ngati muli nacho. Ngati mulibe, pitani sabata ino, tiziphuphuto tikuonekabe.

Koma pamene milandu yotere imafera si pa ndevu ayi, ndi pa kalendala. Dandaulo lovomerezeka, lotchedwa Service Complaint pansi pa Armed Forces Act 2006 (lamulo la asilikali la ku Britain), liyenera kulembedwa ndi kuperekedwa pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku limene chinthucho chinachitika. Si tsiku limene ofisala anakuyankhani, kapena limene munatopa kudikira. Kuyankhula pakamwa muofesi sikuimitsa nthawi, uthenga wa pa WhatsApp nawonso ayi. Mawu oti "tiziona" ndi otsekemera, koma masiku amawerengedwabe, ndipo zimanyansa kuti ena mwa owanenawo amadziwa bwino zimenezi. Dandaulo lochedwa lingalandiridwe ngati oliona akhutira kuti n'chilungamo kutero, koma umenewo ndi mwayi, si ufulu. Chifukwa choti "ndimadikira abwana" nthawi zina chimamveka, nthawi zina ayi.

Nkhani ya tsankho ili ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo apa pali msampha wachiwiri m'kati mwa woyamba. Employment Tribunal, khoti la milandu ya pantchito, singamve mlandu wa msilikali pansi pa Equality Act 2010, lamulo loletsa tsankho, ngati sanayambe wapereka Service Complaint pa nkhani yomweyo, kapena ngati analichotsa dandaulolo. Wina akakunyengererani kuti "lichotseni tikambirane ngati amuna", dziwani kuti mukudzitsekera khomo la khoti. Komanso miyezi isanu ndi umodzi ya ku Tribunal siyembekeza kuti dandaulo la kukampu lithe. Musadalire miyezi yowonjezerayo: akagamula kuti nkhani yanu si ya tsankho, mubwerera pa itatu ija itakutherani kale. Lembani ngati muli ndi mwezi umodzi wokha.

Polemba, musaitche nkhani ya ulumali, chifukwa gawo limenelo la lamulo siligwira ntchito kwa asilikali. Itcheni ya mtundu: tiziphuphu ta lezala timavuta kwambiri amuna akuda a tsitsi lopotana, ndipo anzanu anachitiridwa mosiyana. Ngati mupambana sindingalonjeze. Zidalira umboni woti ndevu zawo zinalidi ngati zanu, ndipo sajeni adzakana.

Amalume akunena mwachikondi, koma si iwo amene lipoti lawo lapachaka lidzalembedwe kuti sasamala maonekedwe, n'kuchedwa kukwezedwa.

Zotsalazi n'zachidule. Fomu ya Service Complaint ili mu JSP 831, buku la malamulo a madandaulo a asilikali. Lembani tsiku, malo, mawu enieni a sajeni, amene analipo, ndi chimene mukufuna chikonzedwe, ndipo sungani kope losonyeza tsiku loperekera. Pemphani Assisting Officer wokuthandizani, ndi ufulu wanu. Fufuzani ngati chilangocho chinali cha AGAI 67 (malamulo a Army operekera zilango popanda kuzenga mlandu) kapena chinatuluka pa summary hearing, kuzengedwa mlandu mwachidule pamaso pa Commanding Officer, mkulu wa gulu lanu. Ngati n'chachiwiricho, njira si Service Complaint koma apilo ku Summary Appeal Court, khoti la apilo la asilikali, pasanathe masiku 14, ndipo poti adutsa kale mufunika kupempha chilolezo chochitira apilo mochedwa. Akalikana dandaulo lanu, kalatayo idzatchula masiku okapemphera ofesi yodziyimira payokha kuti iunikenso. Ndi ochepa, awerengeni tsiku lomwelo. Pakadali pano, akakulamulani kumeta mulibe chikalata cha dokotala, metani kenako mudandaule. Kukana lamulo ndi mlandu pansi pa gawo 12 la Armed Forces Act, wolemera kuposa wa ndevu.