Kodi kuthyola makompyuta a dziko n'kuyambitsa nkhondo?

Bambo wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo kufunsa kuti: dziko lina likathyola makompyuta a dziko lathu, kodi tili ndi ufulu wobwezera ndi mfuti ndi mabomba? Akuti funsoli lakhala likuwazunguza mutu chiyambireni nkhani ya mapasipoti ija.

Bambo, ine ndikuti ayi, pokhapokha chiwembucho chitapha anthu kapena kuwononga zinthu ngati momwe bomba lingawonongere, ndiponso mwini chiwembuyo atadziwika popanda chikayiko.

Ya mapasipotiyo inatipweteka ndithu. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima, ndipo mu February Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zalowa m'makompyuta a Immigration ndipo zikufuna ndalama. Ochita geni ku Johannesburg, odwala ofuna chithandizo kunja, ana asukulu, onsewa anangoti kakasi. Komabe umenewo ndi umbava. Ndi mlandu wa apolisi ndi makhoti, ndipo lamulo lake tili nalo kuyambira 2016.

Ndime 51 ya pangano la United Nations imalola dziko kudziteteza likaukiridwa ndi zida. Panganoli ndi la mu 1945, intaneti kusanabwere, ndiye akatswiri a malamulo amene anatulutsa buku lounika malamulo a nkhondo za pa kompyuta, lotchedwa Tallinn Manual, mu 2013 anati choyang'ana chikhale kukula kwa chiwonongeko. NATO, mgwirizano wa zachitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi North America, nayo mu 2014 inanena kuti chiwembu chachikulu cha pa kompyuta chingathe kuwerengedwa ngati kuukira mayiko onse a mgwirizanowo.

Taganizirani kuno kwathu. Wina atazimitsa dala makina a ku Nkula ndi Tedzani kwa milungu, mapampu a ku Walker's Ferry aima, madzi sakwera kuchoka mu Shire. Ku Ndirande amayi ayamba kutunga mu Nasolo, kolera n'kubuka, ndipo ku Gulupu makanda obadwa masiku asanakwane angodalira jenereta mpaka dizilo atatha. Pamenepo maliro achuluka, ndipo sindingakane kuti imeneyo ndi nkhondo. Si nthano ayi: mu December 2015 anthu pafupifupi 230,000 ku Ukraine anawazimitsira magetsi kudzera pa kompyuta, ndipo pulogalamu yowononga ya pa kompyuta yotchedwa Stuxnet, imene inadziwika mu 2010, inaphwanya makina a nyukiliya ku Natanz, m'dziko la Iran.

Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti wochita zimenezi amabisala mosavuta. Amadzera m'makompyuta a anthu osalakwa, a m'mayiko ena, mwinanso yanu yomwe. Mu 2018, pa masewera a Olympics ku Pyeongchang, m'dziko la South Korea, owononga makompyuta anasiya dala zizindikiro zoloza North Korea, koma ofufuza anadzapeza kuti anali a ku Russia. Ife a mu Blantyre tikudziwa zimene zimachitika wina akangokuwa kuti "wakuba!" pamsika wa Limbe: anthu amagwira amene akuthamanga, ndipo zoti anali wosalakwa zimadzamveka atavulala kale. Nanga dziko likachita chimodzimodzi ndi ndege zankhondo?

Alipo amene anabwezerapo kale ndi bomba. Mu May 2019 Israel inaphulitsa nyumba ku Gaza ponena kuti munali akatswiri a makompyuta a Hamas. Mayiko amphamvu akazolowera zotere, ang'onoang'ono ngati lathu ndiwo adzalire, chifukwa makompyuta athu osatetezeka ndi amene achiwembu angadzerepo.

Ndiye ndalama zathu zochepazi zipite kophunzitsa achinyamata a ku MUBAS ntchito yoteteza makompyuta, ndi kusunga zikalata za boma malo awiri kapena atatu, kuti wina akadzathyolanso, pofika mawa lake mapasipoti akhale akusindikizidwa.