Mwana wanu musamuletse Nobunaga Concerto

Mayi ena andilembera imelo kuti mwana wawo wakomedwa ndi sewero la ku Japan la Nobunaga Concerto. Akuopa kuti nkhani yopekayi imusokoneza mutu pa mbiri yakale. Akufunsanso ngati filimu yake ingaoneredwe payokha.

Mayi, funso lanu landifika pamtima. Ine kusukulu phunziro la mbiri yakale ndinkadana nalo. Aphunzitsi ankangolemba zaka pabolodi, ife kukopera, kuloweza, mayeso akatha kuiwala. Palibe anandiuzapo kuti anthu a m'mabukuwo ankachita mantha, ankakonda, ankaperekana. Ndinakula ndikuona ngati akale anali maina chabe.

Sewero limeneli ndi lomwe linanditsegula maso ndili wamkulu kale. Linachokera m'manga (nkhani ya zithunzi zojambula) ya Ayumi Ishii, ndipo Fuji TV inalionetsa mu 2014. Saburo, mnyamata wa sekondale wosasamala za sukulu, akupezeka mwadzidzidzi m'nthawi ya nkhondo za Sengoku, m'zaka za m'ma 1500. Akumana ndi mtsogoleri wankhondo Oda Nobunaga, wodwaladwala, wofanana naye nkhope, yemwe akumupempha kuti alowe m'malo mwake. Shun Oguri ndiye akusewera mbali zonse ziwiri. Inde, nzopeka. Koma nkhondo ya Okehazama ya 1560, pamene Nobunaga, ali ndi asilikali ochepa, anagonjetsa mtsogoleri wina wankhondo, Imagawa Yoshimoto, inachitikadi. Usiku womwe ndinaonera gawo limenelo sindinagone, ndinali pa intaneti kufufuza kuti zoona nziti.

Ndipo kufufuzako kunandifikitsa kwa Yasuke, munthu wakuda amene anafika ku Japan ndi wansembe Alessandro Valignano n'kukaonana ndi Nobunaga mu 1581. Olemba mbiri ambiri amati anachokera ku Mozambique. Munthu wa kuno kwathu kumwera kwa Africa, kutumikira mtsogoleri wa ku Japan zaka zoposa 400 zapitazo! Ndikanamudziwa bwanji sewero lija likanaletsedwa pakhomo panga?

Ndinene mosabisa: kuletsa mwana nkhani chifukwa choti nyopeka ndi kulakwa. Chosokoneza mwana si nthano ayi, koma kusowa womufunsa kuti, "Nanga iwe ukuganiza kuti zinachitikadi nziti?" Khalani naye pansi, muonere limodzi, mufunseni.

Za filimu ija

Ayi, asayambire pamenepo. Filimuyi inatuluka mu Januwale 2016 ndipo ikupitiriza pomwe sewero linalekera, kulunjika ku Honno-ji, kachisi komwe Nobunaga weniweni anafera mu 1582 ataukiridwa ndi kazembe wake wankhondo, Akechi Mitsuhide. M'seweroli Mitsuhide amabisa nkhope, ndipo chifukwa chake chimadziwika m'magawo a pa TV. Wosaonera magawo 11 amenewo sangamve kulemera kwa chidani cha Hideyoshi, mmodzi mwa ankhondo a Nobunaga, ngakhale chikondi cha Kicho, mkazi wa Nobunaga, pa Saburo. Muli nkhondo ndi magazi, choncho ngati mwanayo ndi wamng'ono, muyambe mwaonera nokha.