Za baseball ndi timu yanga ya Cubs, yankho kwa achimwene aja

Achimwene mwafunsa kuti anthu kuno ku America amaonamo chani mu baseball poti gemu yake anthu amangoima ngati akudikira minibasi, komanso ngati mwana wanu wayamba kuikonda mumusankhire timu iti. Ndiyankhe ine, koma ndineneretu kuti sindiweruza mwachilungamo, ndine wa Chicago Cubs kuyambira ndili ndi zaka 10 ndipo sindidzasintha.

Tinafika ku South Bend, mu Indiana, mu 1998 ine chizungu ndikungodziwa cha moni basi. Nyumba yoyandikana nafe munkakhala madala ena achizungu opuma pantchito, masana alionse ali pakhonde ndi wayilesi komanso TV yaying'ono atatsegula WGN, siteshoni ya ku Chicago yomwe inkaonetsa magemu a Cubs. Chaka chimenecho ndi chija Sammy Sosa wa Cubs ankapikisana ndi Mark McGwire wa St. Louis Cardinals pa ma home run, Sosa anathera pa 66 mnzakeyo 70, nde madala aja Sosa akangomenya amakuwa mpaka mayi anga kutuluka kuganiza kuti kwagwa zovuta. Ine ndinayamba kukhala pa sitepe yawo kumaonera nawo, iwo nkumandijambulira malamulo kuseri kwa envelopu. Woponya akakuphonyetsa katatu watuluka, atatu akatuluka matimu asinthana, mpaka ma inning 9. Ukamenya mpira nkudutsa mpanda ndiye home run imeneyo, uzungulira mabesi onse mosathamanga ngati bwana. Chizungu changa chambiri ndinaphunzirira pakhonde pomwepo, ndi mawu ena oti kusukulu anandibwezera kkkk

Chomwe sanandiuze msanga nchoti timu akundipatsayi ndi ya mavuto. Cubs ndi yakalekale, inalipo pomwe National League imayamba mu 1876, inatenga World Series, chikho chachikulu cha baseball kuno, mu 1907 ndi 1908 kenako ziii. Zaka 108 abale. Tikamadandaula za Flames tiziyamba taganiza kawiri. Madala aja anabadwa chikho chitapita kale, bambo awo ndi amene anawatengera ku Wrigley Field, bwalo la Cubs, ali mwana, ndipo ankakamba za osewera akale ngati akukamba za abale awo akumudzi. Ernie Banks, amene ankamutcha Mr. Cub, anamenya ma home run 512 koma mpaka kupuma osalawako playoff ngakhale imodzi. Akafika pa 1969 mawu amasintha, chaka chimenecho timu inatsogola pafupifupi sizoni yonse kenako mu September ku New York mphaka wakuda analowa mu bwalo nkudutsa pafupi ndi wosewera wathu Ron Santo, basi timu inagwa New York Mets nkuwapitirira.

Ndipo musamanamizidwe kuti azungu sakhulupirira zamatsenga. Mu 1945 pa World Series yolimbana ndi Detroit Tigers, mwini bala ina ku Chicago, William Sianis, anabwera ku gemu ndi mbuzi yake, anamubweza ati ikununkha, iye nkupsa mtima, ndipo nkhani imati anatemberera timu. Kuchoka apo Cubs sinafikenso mu World Series zaka 71. Anthu ophunzira bwinobwino, ena madokotala, ankanena motsimikiza kuti vuto ndi mbuzi, mpaka kumabweretsa mbuzi zina ku bwalo kuti atsirike. Agogo anga nditawafotokozera pa foni anangoti nanga osapita kukapepesa kwa mwini mbuziyo bwanji.

Ine yanga yolira inali 2003. Tinatsala ndi kutulutsa osewera asanu okha kuti tilowe World Series, tikutsogola 3 kwa 0 pa Florida Marlins mu inning ya 8, mpira unapita chakumpanda sapota wina nkutambasula dzanja wosewera wathu Moises Alou akufuna kuwakha, ndipo kuchoka pamenepo zonse zinangosokonekera, Marlins inagoletsa 8 mu inning yomweyo. Anthu anamuda kwambiri sapota uja koma ine mpaka lero ndimati anamulakwira, aliyense akanatambasula dzanja, ndipo wosewera wathu wina anaphonya mpira wophweka patangopita mphindi zochepa koma za iyeyo anthu sakamba. Usiku umenewo madala aja anangozimitsa TV nkundiuza kuti chaka chamawa. Mawu amenewo masapota a Cubs ankawanena chaka chilichonse ngati pemphero.

Anamwalira 2016 isanafike.

Nde chaka chimenecho timu ili ndi Joe Maddon ngati kochi inawina magemu 103, kufika mu World Series kukumana ndi Cleveland, kenako tinapezeka tili kumbuyo magemu 3 kwa 1 ine nkuti basi mbuzi ija yadzukanso. Tinabweza awiri kukhala 3 kwa 3. Gemu ya 7, yomaliza, pa 2 November ku Cleveland, Dexter Fowler anatsegula ndi home run, tinatsogola bwinobwino mpaka inning ya 8 pomwe Rajai Davis wa Cleveland anamenya home run kwa woponya wathu Aroldis Chapman kukhala 6 kwa 6, ine ndinakhala pansi pa simenti mkazi wanga akundifunsa ngati andiyitanire ambulansi. Itatha inning ya 9 kunagwa mvula gemu nkuima mphindi 17, Jason Heyward wathu anasonkhanitsa anzake mkachipinda nkuwalankhula, atabwerako Ben Zobrist anamenya mpira womwe unatipatsa chitsogozo, Miguel Montero nkuwonjezera, Cleveland inabweza imodzi, kenako kampira kofooka kanapita kwa Kris Bryant iye akuseka kale asanaponye nkomwe kwa Anthony Rizzo kuti atulutse womaliza. 8 kwa 7. Kuno inali itadutsa 12 koloko usiku, ku Malawi kutacha, ndinaimbira malume anga ndikulira iwo nkumafunsa kuti wamwalira ndani.

Masiku otsatira anthu ankapita ku Wrigley ndi choko kukalemba pakhoma la njerwa mayina a abale awo amene anafa akudikira. Ndinakwera sitima ya South Shore mpaka ku Chicago, kenako Red Line kutsikira pa Addison, nkukalemba dzina la madala aja. Malo olemba ankasowa, ndinachita kukwera pamapewa pa munthu osamudziwa.

Zoti gemu imachedwa ndikuvomera, ngakhale kuyambira 2023 anaika wotchi yoti woponya asamazengereze nde zinachepako. Koma musamaionere ngati mpira wamiyendo. Sizoni imodzi magemu 162, pafupifupi tsiku lililonse kuyambira kumapeto kwa March mpaka September, nde imakhala ngati wayilesi ya mnyumba, ukuphika ikulira, ukucheza ikulira. Ndipo pa TV siikoma ngati pa bwalo. Wrigley inamangidwa mu 1914, khoma lakumbuyo lili ndi zomera zoyanga zomwe anadzala mu 1937, mpira ukalowa mmasamba nkusowa wosewera amangokweza manja. Bolodi ya zigoli mpaka pano amasintha ndi manja anthu ali mkati mwake, magetsi anaika mu 1988, kale lonse ankasewera masana okhaokha. Tikawina amakweza mbendera yoyera ya W kuti odutsa pa sitima adziwe.

Za mwanayo, mu Chicago muli matimu awiri, Cubs kumpoto White Sox kummwera, ngati Maule ndi Manoma mu Blantyre, simungasapote onse. White Sox inawina 2005 ndipo anzanga akumeneko anandizunza zaka 11, nde mukudziwa kale komwe ndingamukokere. Koma poti muli ku Indiana konkuno yambani ndi South Bend Cubs pa Four Winds Field, ndi timu yaying'ono yomwe imakulitsa osewera a Cubs kuyambira 2015, matikiti ake ndi otchipa kusiyana ndi ku Chicago ndipo mwana amawaona osewera pafupi. Mukafuna tipitire limodzi ndilembereni ku inbox ndizikakufotokozerani gemu ili mkati. Mukasankha April mutenge jekete yeniyeni ndi bulangete, kumazizira koopsa.