Dokotala wachoka, odwala ali pamzere: namwino ayambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa namwino wa pachipatala china chaching'ono cha kumudzi. Akuti pamalopo pali medical assistant mmodzi yekha, ndipo akapita ku msonkhano kapena kukatenga mankhwala ku boma, odwala onse a ku OPD (kumene amaonera odwala osagonekedwa) amagwera iwo. Funso lawo ndi ili: "Ndinawerenga kuti ku America kuli anamwino otchedwa family nurse practitioner amene amaona odwala ndi kulemba mankhwala paokha. Kodi iwowo amadziwa chiyani chimene inenso ndiyenera kudziwa? Mabuku ndi ambiri, ndiyambire pati?"

Achemwali, zikomo polemba. Ntchito imeneyo inayamba mu 1965 ku yunivesite ya Colorado, pamene namwino Loretta Ford ndi dokotala wa ana Henry Silver anakonza maphunziro oti anamwino azitha kuona ana m'madera osowa madokotala. Lero ku America munthu amayamba watenga digiri ya masitala kapena yoposa apo, kenako n'kulemba mayeso a chiphaso. Ku Botswana nakonso maphunziro otere alipo. Inu chiphaso chimenecho mulibe, choncho malire a zimene mumaloledwa kuchita, amene amaika a Nurses and Midwives Council of Malawi, muwadziwe bwino. Koma vuto limene anaona mayi Ford ndi lomwelo lakhala pabenchi panu m'mawa uliwonse.

Ndikanati ndikuphunzitseni chinthu chimodzi chokha, chikanakhala ichi: musanafunse dzina la matenda, dzifunseni ngati munthuyo angabwerere kwawo lero osakaferako. Dzina la matenda mukhoza kuliphonya, wodwala n'kubweranso mawa. Mukaphonya funso linalo, sabweranso.

Ndiye musanakhale pampando, yendani mzere wonse. Mwana wodwala kwambiri nthawi zambiri salira. Amakhala duu kumsana kwa mayi ake, ndipo mayiyo, mwaulemu wake, amadikira kumapeto. Muvundukuleni chitenje. Mwana amene akukanika kuyamwa kapena kumwa, amene akusanza chilichonse, amene wachita linjirinjiri, amene walefuka osadzuka bwino, ameneyo alowe pompo. Khanda losakwana miyezi 2 lotentha thupi, kapena lozizira mosakhala bwino, si la panado ayi. Mpatseni mankhwala oyamba monga likunenera buku la IMCI (ndondomeko yothandizira ana odwala), n'kumutumiza ku chipatala chachikulu.

Kenako mpweya. Chida chake ndi wotchi basi, koma ndi chimene timachinyozera kwambiri. Werengani kwa mphindi yathunthu mwana ali phee, osati masekondi 15 n'kuchulukitsa, chifukwa ana amapuma modukizadukiza. Khanda losakwana miyezi 2 likafika 60 pamphindi, likupuma mofulumira. Wa miyezi 2 mpaka 11 malire ndi 50, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ndi 40. Kwezani malaya muone ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati akamakoka mpweya. Chibayo chimagwidwa ndi maso ndi wotchi, ngakhale pamalo popanda X-ray. Muli pomwepo kulungani pamkono tepi ya MUAC, yoyezera kukula kwa mkono: pansi pa masentimita 11.5 mwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 ndi kunyentchera koopsa, ndipo mwana wotere sasonyeza matenda ngati anzake. Dinaninso mapazi onse awiri, muone ngati pakutsala chiboo, chifukwa kutupa kotere nakonso kumasonyeza kunyentchera koopsa.

Tsopano malungo, amene ndikufuna tichedwepo pang'ono. Kuyeza ndi mRDT, kachipangizo koyezera malungo m'magazi mwachangu, kunatithandiza kwambiri, koma kunabweretsanso ulesi wina. Mizere iwiri yosonyeza malungo ikangotuluka, cholembera chimathamangira pa mankhwala a LA, wodwala n'kutuluka. Komatu nyengo ya mvula ana ambiri amakhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi, ndipo kachipangizoka kamatha kuonetsabe mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atachira kale. Mwana akhoza kukhala ndi malungo ndi chibayo nthawi imodzi, kapena malungo ndi matenda oumitsa khosi. Choncho mizere iwiriyo isakutsekeni maso. Werenganibe mpweya, pindani khosi, yang'anani m'khutu, tembenuzani chikhatho muone ngati chayera chifukwa chosowa magazi. Zikatuluka kuti malungo mulibe, musapereke LA pofuna kusangalatsa agogo amene akuumirira. Funani chimene chatenthetsa thupi.

Amene ali ndi malungo osaopsa, mufotokozereni mwakachetechete kuti LA amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku 3, kuti wachiwiri amamwa patatha maola 8, ndi kuti amagwira bwino akamwera chakudya chamafuta kapena mkaka. Ambiri amasiya tsiku lachiwiri n'kusungira mng'ono wake otsalawo. Malungo aakulu ndi a jekeseni ya artesunate, 2.4 mg pa kilogalamu iliyonse, kapena 3 mg pa kilogalamu iliyonse kwa mwana wosakwana makilogalamu 20. Apa ndiye muona kuti sikelo si ya kusikelo ya ana kokha. Ndipo aliyense wokomoka muyezeni shuga, chifukwa shuga wotsika amapha msanga kuposa matenda amene amutsitsa.

Kwa amayi, funso limodzi limapulumutsa miyoyo: "Munasamba liti komaliza?" Mayi aliyense wa msinkhu wobereka amene akumva kupweteka m'munsi mwa mimba, mufunseni, ngakhale atavala yunifomu ya sukulu, ngakhale atanena kuti amuna awo ali ku Joni. Mufunseni pa awiri, apongozi atatuluka. Mimba yokhala kunja kwa chiberekero imabwera ngati kupotokola wamba, mpaka chubu chitaphulika. Mayi woyembekezera wopitirira masabata 20 amene BP yake yafika 140/90, mutu ukuwawa, maso akuona zachimbuuzi, inu azamba mukudziwa kale kuti magnesium sulphate, mankhwala oletsa kukomoka kwa mayi wotere, ayenera kukhala pamalo pamene mungamupeze usiku magetsi atazima.

Pali odwala ena amene sadzakuuzani vuto lawo chifukwa salimva. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse ku Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Bambo wobwera ndi bondo lowawa muyezeni BP. Koma muyezeni bwino: wangotsika panjinga, akhale kaye mphindi 5, mkono uli patebulo, osayankhula. Kuyeza kamodzi sikokwanira kumuuza munthu kuti ali ndi BP. Abwerenso tsiku lina, pokhapokha ngati yakwera kwambiri kapena pali zizindikiro zoopsa monga kufooka mbali imodzi ya thupi. Mankhwala ngati hydrochlorothiazide ndi amlodipine mudzawaloweza mosavuta, ndipo kumbukirani kuti enalapril sapatsidwa kwa woyembekezera. Chovuta ndi kumuthandiza munthu kumvetsa kuti mankhwalawa sasiya akapeza bwino. Shuga naye chimodzimodzi. Wokodza pafupipafupi, waludzu, woonda, kapena wa bala losapola, muyezeni: 7.0 mmol/L asanadye kanthu, kapena 11.1 nthawi ina iliyonse ali ndi zizindikiro, ndi shuga ameneyo.

Chifuwa cha masabata 2 chimafuna kuyeza makhololo kuti muone ngati ndi TB, osati amoxicillin wachitatu. Kwa munthu amene ali ndi HIV musadikire n'komwe masabata awiriwo. Tsegulani buku lake la kuchipatala, muwerenge masamba am'mbuyo. Mukaona kuti wabwera katatu ndi dandaulo lomwelo, ndiye kuti tonse amene tinamuona kale tinaphonya kanthu.

Za mabuku, musagule a ku America. Matenda, mankhwala ndi malamulo ake ndi a kumeneko. Patebulo panu pakhale Malawi Standard Treatment Guidelines ndi buku la IMCI, ndipo muziwatsegula wodwala akuona, palibe manyazi pamenepo. Medical assistant wanu akakhalapo, mupempheni muzikhala naye ku OPD masana ntchito ikachepa, muzionera limodzi odwala ovuta. Sunganinso nambala ya foni ya clinical officer wa kuchipatala cha boma amene amayankha.

Pomutumiza wodwala, yambani mwamupatsa mankhwala oyamba, chifukwa ambulansi ikhoza kufika dzuwa litalowa. M'kalatamo lembani zimene mwapeza ndi manambala ake, mankhwala amene mwapereka, mlingo wake ndi nthawi yake. Amene akamulandire uko akangoona kuti "artesunate waperekedwa" popanda ola, sadziwa kuti jekeseni yachiwiri, ya pakatha maola 12, aibaye liti.